Kusandutsa galaja kukhala malo opalira matabwa: makabati aikidwe pati, ndipo apangidwe ndi chiyani?

Funso: Ndine bambo wogwira ntchito ya mu ofesi ku Lilongwe, ndipo ndimakonda kupala matabwa Loweruka ndi masiku a tchuthi. Galaja yathu ndi ya mamita 3 m'lifupi ndi mamita 6 m'litali, makoma ake ndi a njerwa zootcha, denga lake ndi la malata opanda siling'i, ndipo galimoto imagonamo usiku. Zipangizo zanga zili m'makatoni, ndipo zina zayamba kuchita dzimbiri. Ndikufuna kumangamo makabati kuzungulira makoma onse. Mnzanga wina akundiuza kuti ndisiye galaja, ndigule ngolo yotseka yokokedwa ndi galimoto n'kumangamo makabatiwo. Kodi ndiyambire pati, ndipo ndisankhe chiti?

Yankho: Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu. Ndiyambe ndi kukuletsani chinthu chimodzi chimene mwachitchula, ndicho kumanga makabati kuzungulira makoma onse, chifukwa m'galaja ya kukula kumeneko, imene galimoto imagonamonso, malo amene mukuwaona ngati ambiri ndi ochepa kwambiri mukawayeza ndi tepi. Galimoto yaing'ono ya banja imakhala ya pafupifupi mamita 1.7 m'lifupi ndi mamita 4.5 m'litali. Mukaichotsa pa mamita 3, mumatsala ndi mamita 1.3 okha oti mugawe mbali ziwiri, ndipo kumanja, kumene woyendetsa amatulukira, chitseko chimafuna masentimita 70 kapena 80 kuti munthu atuluke bwino popanda kuchigunditsa. Kabati ya masentimita 60 kuchokera kukhoma ikaikidwa m'mbali, ndiye kuti galimoto iyamba kugona panja, kapena chitseko chake chidzakhala chokalika tsiku ndi tsiku. Malo enieni amene muli nawo ndi khoma la kumapeto, loyang'anizana ndi khomo lalikulu, kumene kumatsala pafupifupi mita imodzi ndi theka galimoto ikalowa, komanso mbali ya pamwamba ya makoma a m'mbali, kuyambira pamene mutu wa munthu sufika mosavuta.

Chifukwa cha chimenechi, ntchito yanu yoyamba ikhale ya choko ndi tepi, matabwa asanagulidwe. Lowetsani galimoto monga mumachitira masiku onse, tsegulani zitseko zake zonse ndi kumbuyo komwe, ndipo mujambule pansi pamene chilichonse chikufika. Kenako tulutsani galimotoyo, ndipo mujambulenso pakati pa galaja kukula kwa plywood yathunthu, imene imakhala ya mamilimita 2440 m'litali ndi 1220 m'lifupi, n'kuizungulira mukuyenda ngati kuti mwanyamula sowo. Mudzaona kuti pakati pa galaja ndi pamene ntchito yaikulu idzachitikire, podula, polumikiza ndi popenta, kotero kuti pakatipo payenera kukhala popanda kanthu kokhazikika. Anthu ambiri amene amamanga malo otere amayamba ndi kuganizira kumene adzasunge zipangizo, n'kuiwala kumene iwo eni adzaime ndi thabwa lalitali m'manja, ndipo mapeto ake amakhala ndi chipinda chosungiramo katundu chokongola koma n'kumapalira pabwalo.

Musanaganize za maonekedwe a kabati, fufuzani kumene dzimbiri la zipangizo zanu likuchokera, popeza kabati yatsopano yomangidwa pamalo a chinyezi imangobisa vutolo kwa miyezi ingapo. Tengani pepala la pulasitiki la masentimita 50 mbali zonse, limateni pansi pa simenti ndi tepi yomatira m'mbali zake zonse, ndipo mulisiye masiku awiri. Mukalichotsa n'kupeza madontho kunsi kwake, kapena simentiyo itada pamalopo, dziwani kuti chinyezi chikukwera kuchokera m'nthaka, zimene zimachitika kawirikawiri m'magalaja amene anathiridwa konkire popanda kuyala pulasitiki pansi pake. Muyeso umenewu umanena zoona kwambiri m'nyengo ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, kusiyana ndi mu Okutobala pamene nthaka yauma. Yang'ananinso m'munsi mwa makoma ngati penti ikusupuka kapena pali zoyera ngati mchere, ndipo mvula ikamagwa imani m'galajamo muone mabowo a misomali ya malata komanso madzi olowera pansi pa chitseko. Malata opanda siling'i ali ndi vuto linanso, loti m'mawa kukazizira amachita thukuta kunsi kwake ndipo madonthowo amagwera pa chilichonse chimene chili pansi, choncho ngati ndalama zilipo, siling'i ithandiza zipangizo zanu kuposa kabati iliyonse, ndiponso idzachepetsa kutentha kwa m'chilimwe.

Mdani wachiwiri, amene kwathu kuno ayenera kulamulira kamangidwe konse ka makabati, ndi chiswe. Chiswe chimalowera m'ming'alu ya simenti ndi pamene pansi pamakumana ndi khoma, chimamanga timisewu take ta dothi m'malo amdima, ndipo chimadya thabwa la paini kuchokera mkati n'kusiya khungu la kunja likuoneka labwinobwino. Kabati imene yakhala pansi penipeni ndi kugunda khoma kumbuyo imachipatsa mdima ndi chinyezi chimene chimafuna, ndipo mwini wake amadzazindikira shelefu itagwa kale. Pachifukwa chimenechi ndikukulangizani kuti kabati iliyonse ya pansi iime pa miyendo yachitsulo ya masentimita 10 mpaka 15, yoti tsache lizilowa kunsi kwake ndi diso lizionako, ndipo kumbuyo musiye mpata wa masentimita awiri kapena atatu kuti mpweya uziyenda. Mmisiri wowotcherera zitsulo akhoza kukupangirani felemu ya zitsulo zangodya yokhala ndi miyendo imeneyi pamtengo wosaboola m'thumba. Mukaona kamsewu ka dothi kakukwera mwendo wachitsulo, mumakathyola tsiku lomwelo n'kuthira mankhwala pa mng'alu umene katulukira. Ena amapaka matabwa oyilo wakutha wa galimoto pofuna kupitikitsa chiswe, koma m'chipinda chotseka chimene mudzakhalemo maola ambiri zimenezi n'zosayenera, chifukwa fungo lake silitha, amadetsa zonse zimene mukupanga, ndipo guluu ndi penti sizigwira pa thabwa loterolo.

Tibwere tsopano pa khoma la kumapeto lija, limene ndi la mamita 3. Pamenepa ndi pamene payenera kukhala benchi yogwirira ntchito, ndipo makabati a pansi akhale miyendo yake. Kutalika kwa benchi kuchokera pansi kumakhala pakati pa masentimita 85 ndi 90 kwa anthu ambiri, koma njira yabwino yodziwira kwanu ndi kuimirira mowongoka, mutavala nsapato zimene mumagwira nazo ntchito, n'kuyeza kuchokera pansi kufika pamfundo ya dzanja lanu. Benchi yotsika imathandiza popala ndi pulena, chifukwa thupi limatsamira pa thabwa, pamene yokwera imathandiza pa ntchito zing'onozing'ono zofuna diso. Ngati mwasankha masentimita 90, muwagawe motere: miyendo 10, bokosi la kabati 76, ndi thabwa la pamwamba 4. Manambala amenewa ali ndi chifukwa chake chochokera ku kukula kwa plywood. Mukaing'amba pakati m'litali mwake mumapeza zidutswa ziwiri za pafupifupi masentimita 60, ndipo chidutswa chilichonse chimatulutsa mbali zitatu za masentimita 76, kutanthauza kuti plywood imodzi imakupatsani mbali 6, zokwanira makabati atatu, zotsala zili zochepa kwambiri. Mukaing'amba panayi mumapeza zidutswa za masentimita 30, zimene ndi muyeso woyenera wa makabati a pamwamba. Munthu amene wasankha kuya kwa masentimita 65 kapena 70 amagula plywood yowonjezera n'kutsala ndi mulu wa zidutswa zopanda ntchito.

Pansi pa benchiyo musadzazepo makabati okhaokha. Ikani kabati imodzi kumanzere ndi ina kumanja, iliyonse ya masentimita 80 m'lifupi, ndipo pakati musiye mpata woti mulowetsemo maondo mukakhala pampando ponola matchizulo, kapena moti muzikankhiramo ndowa ya utuchi. Thabwa la pamwamba likhale lolemera, chifukwa benchi yopepuka imavina pamene mukupala ndipo imabweza hamala pamene mukusema. Plywood ziwiri za mamilimita 18 zomatidwa pamodzi ndi guluu ndi masikuluwu zimakwanira, ndipo pamwamba pake mukhoza kuyalapo hardboard (thabwa lolimba la utuchi wotsindiridwa) yopyapyala yogwidwa ndi timisomali, yoti mudzaichotse n'kuikapo ina ikadzadzaza zipsera. Kutsogolo thabwalo lipitirire makabati ndi masentimita 5 mpaka 8, kuti zopanira zikhale ndi pogwira. Chinthu chaching'ono chimenechi chimaiwalika kawirikawiri, koma benchi imene simungapanirepo thabwa imakukakamizani kugwira ndi dzanja limodzi pamene lina likudula, ndipo mabala ambiri a tchizulo amachokera pamenepo.

Za mtundu wa matabwa ndilankhulapo motalikirapo, chifukwa ndi pamene ndalama zambiri zimapita komanso pamene anthu amapusitsidwa ndi maonekedwe. Chipboard ndi MDF, zimene zimapangidwa ndi zinyenyeswa za mitengo zomatidwa ndi guluu, zimaoneka zosalala ndipo zimakopa m'sitolo, koma zikayamwa madzi m'mphepete zimatupa ndipo sizibwereranso mwakale, masikuluwu amazuka mosavuta m'mbali mwake, ndipo shelefu yake imapindika ikanyamula zitsulo kwa miyezi ingapo. M'khitchini ya nyumba youma zikhoza kukhala zaka, koma m'galaja ya malata opanda siling'i sindingakulimbikitseni kuzigwiritsa ntchito. Plywood ya mamilimita 18 ndiyo yabwino koposa pa mabokosi a makabati, ndipo blockboard, imene pamodzi ndi plywood imapangidwanso m'dziko muno ku fakitale ya Raiply ku Chikangawa, imagwira bwino ntchito pa zitseko ndi mashelefu, pokhapokha mukumbukire kuti mkati mwake muli timatabwa tatitali toyalidwa mbali imodzi. Shelefu ya blockboard iyenera kudulidwa moti timatabwato tiyende m'litali mwa shelefuyo, apo ayi imakhala yofooka. M'mphepete mwake mumakhala timipata, choncho mumatsekapo ndi kathabwa ka paini kapena ka mtengo wolimba, komwe kamathandizanso kuti mahinjesi agwire. Mbawa ndi mlombwa muzisungire mipando ndi matebulo amene mudzapange m'tsogolo, popeza ndi mitengo yokwera mtengo ndiponso yosowa, ndipo ndi kuwononga kuigwiritsa ntchito posungira zitini za penti.

Paini wa pamsika, wochokera ku Chikangawa, Dedza kapena Zomba, ndi wotsika mtengo ndipo ndi woyenera pa mafelemu, koma nthawi zambiri amagulitsidwa asanaume. Thabwa lotero limamveka lozizira ndi lolemera m'manja, utuchi wake umamatirira ku mano a sowo, ndipo mukalikhomera lero, pakatha mwezi limakhala litapindika, zitseko zitasiya kutsekeka. Liguleni msanga, liyaleni pamthunzi pamalo odutsa mphepo, muike timitengo topingasa pakati pa thabwa lililonse ndi linzake pa masentimita 50 alionse, pamwamba mutsindikepo zolemera, ndipo mulisiye masabata ambiri. Nthawi imene matabwa akuuma ndi yomwe mungakonzere denga, magetsi ndi penti ya makoma. Makomawo muwapente zoyera, chifukwa zimawonjezera kuwala popanda kuwonjezera babu.

Kapangidwe ka bokosi la kabati sikafuna luso lalikulu. Mbali ziwiri, thabwa la pansi ndi mikombero iwiri ya pamwamba zimalumikizidwa ndi guluu woyera wa matabwa ndi masikuluwu a mamilimita 50, mutayamba mwaboola kabowo kakang'ono kuti plywood isang'ambike. Chimene chimalimbitsa bokosilo ndi thabwa la kumbuyo, ndipo pamenepa mugwiritse ntchito plywood ya mamilimita 6, yomatidwa ndi kukhomedwa m'mbali zonse zinayi. Musanakhome, yezani bokosilo kuchokera pangodya ina kufika pangodya yopingasana nayo, kenako muyezenso mbali inayo, ndipo miyeso iwiriyi ikafanana ndiye kuti bokosilo lili pa sikweya. Kusiyana kwa mamilimita atatu okha pamenepa kumadzaonekera pa madilowa, amene amayamba kukana kulowa. Shelefu ya mamilimita 18 isapitirire masentimita 80 popanda chochirikiza pakati ngati idzanyamule zolemera, ndipo n'chifukwa chake ndinakupatsani muyeso umenewo wa makabati a pansi.

M'makabati a pansi ndikukulangizani madilowa m'malo mwa zitseko ndi mashelefu. Shelefu ya masentimita 60 kuya, yokhala m'munsi mwa bondo, imasanduka dzenje limene munthu amagwadira n'kutulutsa zonse za kutsogolo kuti apeze cha kumbuyo, ndipo chimene chili kumbuyoko chimaiwalika mpaka mwini wake n'kugula china. Madilowa a pamwamba akhale osaya, a masentimita 6 mpaka 8, kuti matchizulo, masikweya, mafayilo ndi mano a dirilo azigona mzere umodzi osaunjikana, popeza tchizulo chonoledwa bwino chimabunthira m'dilowa chikamagundana ndi zitsulo zina. A m'munsi akhale akuya masentimita 25 kapena 30, osungiramo makina a m'manja. Njanji zachitsulo zokhala ndi timipira, zimene zimalola dilowa kutuluka yonse, nthawi zambiri zimafuna mpata wa mamilimita 12.7 mbali iliyonse, kotero kuti dilowa iyenera kuchepa ndi mamilimita 25 kapena 26 poyerekeza ndi mkati mwa kabati. Gulani njanjizo poyamba, muziyeze nokha, kenako mudule madilowa. Pansi pa dilowa ya zitsulo pakhale plywood ya mamilimita 9 kapena 12, chifukwa hardboard yopyapyala imabooka ndi kulemera kwa masipanala. Ngati njanji zakwera mtengo, madilowa oyenda pa timatabwa tolimba topakidwa kandulo amagwira ntchito bwino ndithu, monga amachitira m'makabati akale a m'masukulu ndi m'maofesi.

Makabati a pamwamba ndi amene amafuna chisamaliro chachikulu pokhoma, chifukwa akagwa amagwera munthu kapena galimoto. Njira imene ndimaikhulupirira ndi ya thabwa long'ambidwa mopendeka. Mumatenga thabwa louma kapena plywood ya masentimita 12 m'lifupi, n'kuling'amba m'litali sowo itapendekeka pa madigiri 45. Theka limodzi limakhomedwa kukhoma, mlomo wake wopendekawo utayang'ana m'mwamba ndi kusiya kampata kumbali ya khoma, ndipo theka linalo limakhomedwa kumbuyo kwa kabati mlomo utayang'ana pansi, kotero kuti kabatiyo imangokolowekedwa, ndipo kulemera kwake komweko kumaikokera kukhoma. Ubwino wake ndi woti mumayeza levulo pa thabwa lopepuka m'malo molimbana ndi kabati yolemera muli pa makwerero, ndipo mukadzafuna kusintha malo, kapena kusamuka ngati nyumbayo ndi ya lendi, mumangoinyamula. Poboola khoma, lunjikitsani pakati pa njerwa, osati pa mzere wa pakati pa njerwa, makamaka chifukwa nyumba zambiri zinamangidwa ndi matope kapena ndi simenti yochepa n'kupakidwa pulasitala pamwamba. Fumbi lotuluka pa bowo lidzakuuzani: lofiira ndi la njerwa, pamene lotuwa kapena lofanana ndi dothi la pabwalo ndi la pa mzere. Njerwa zina zootcha n'zofewa moti pulagi ya pulasitiki yogwira sikuluwu imazungulira m'bowo, ndipo zikatero ndi bwino kuimika nsanamira ziwiri kuchokera pansi kuti kulemerako kupite pa simenti, khoma lingothandiza kuti zisagwere kutsogolo. Pamwamba pa benchi, makabatiwa ayambire masentimita 50 kapena 55 kuchokera pa thabwa logwirirapo ntchito, ndipo mpata wa pakatiwo muikepo plywood yopachikapo zipangizo zimene mumazigwira tsiku lililonse. Makabati onse a pamwamba akhale ndi zitseko, chifukwa mashelefu osatseka amadzaza utuchi, ndipo utuchi umasunga chinyezi pa zitsulo.

Pofuna kuteteza zipangizo ku dzimbiri, zipukuteni ndi kansalu ka mafuta opepuka a makina mukamaliza ntchito, makamaka kunsi kwa pulena ndi pa sowo, pamene thukuta la m'manja limasiya zidindo za zala. Timatumba tija timabwera m'mabokosi a nsapato ndi a zipangizo za magetsi, toyamwa chinyezi, musatitaye, tiikeni m'madilowa a zida zonola.

Magetsi akonzedwe makabati asanakhomedwe, ndipo ntchitoyo ipatsidwe kwa wamagetsi wokhala ndi chilolezo. Kuno magetsi a m'nyumba ndi a mavoti 230, ndipo pulagi ya mano atatu ya maampu 13 imanyamula pafupifupi mawati 3000, choncho chingwe chimodzi chokokedwa kuchokera kukhitchini kudzera pa zenera chikhoza kutentha chikamadyetsa sowo ya magetsi, girayinda ndi mababu nthawi imodzi. Galaja ikhale ndi mzere wakewake wochokera pa bokosi lalikulu la magetsi, wotetezedwa ndi chothimitsa chimene chimadula magetsi akayamba kudutsa m'thupi la munthu, cha mamiliampu 30, chifukwa mudzakhala mutaima pa simenti imene nthawi zina imakhala yonyowa, chitsulo chili m'manja. Masoketi akhale pamwamba pa benchi, pafupifupi masentimita 110 kuchokera pansi, ndipo imodzi ikhale pafupi ndi khomo lalikulu yogwiritsa ntchito panja. Nyali imodzi ya pakati pa denga imaponya mthunzi wanu pa chimene mukudula, kotero kuti mufunika nyali ina yaitali ya LED kunsi kwa makabati a pamwamba. Pali ngozi ina imene imakhudza ife okhala kumene magetsi amathimathima. Magetsi akathima makina akuzungulira, munthu amawaika pansi osathimitsa switchi, ndipo magetsiwo akabwerera, mwina patapita maola, girayinda kapena sowo imadzuka yokha pa benchi, nthawi zina mwana ali pafupi. Dzizolowezeni kuzula pulagi nthawi yomweyo magetsi akathima, ndipo ngati mudzagule sowo ya patebulo, musankhe yokhala ndi switchi imene siyatsa yokha magetsi akabwerera. Jenereta isalizidwe m'galaja ngakhale chitseko chili chotsegula pang'ono, chifukwa utsi wake uli ndi mpweya wakupha umene sununkha.

Za moto ndinene mwachidule koma motsindika. Thinazi, vanishi ndi petulo zikhale m'kabati yachitsulo yapayokha pafupi ndi khomo, kutali ndi pamene mumadulira zitsulo, ndipo girayinda muziigwiritsira ntchito panja, chifukwa nthethe zake zimatha kugwera mu utuchi n'kumanyeka pang'onopang'ono mpaka usiku. Nsanza zimene mwapakira mafuta a linseed, aja opaka pa matabwa, zimatentha zokha zikaunjikidwa ndipo zimatha kuyaka popanda machesi, choncho ziyanikeni panja iliyonse payokha kapena muziviike m'madzi. Chozimitsira moto chikhale pakhomo. Mabatire a makina opanda chingwe asasiyidwe pa chaja usiku wonse kapena pa shelefu ya pamwamba pafupi ndi malata otentha. Ndipo popeza zipangizo zoterezi zimagulika msanga zikabedwa, kabati imodzi ikhale ya loko, ndipo zenera la galaja likhale ndi zitsulo komanso katani.

Pa nkhani ya ngolo imene mnzanu wakuuzani, yankho langa ndi loti ngolo ndi yoyenera kwa munthu amene ntchito yake imayenda, monga wokhoma makabati a m'khitchini m'nyumba za anthu, kapena amene alibe galaja ndipo amasamuka kawirikawiri. Kwa inu, amene mumapala pakhomo pa tsiku lopuma, ingakudyereni ndalama zambiri n'kukupatsani malo ochepa kuposa amene muli nawo. Ngolo yotseka ya mita imodzi ndi theka m'lifupi, mukaikamo makabati a masentimita 40 mbali zonse ziwiri, imatsala ndi kanjira ka masentimita 70, momwe simungatembenuziremo thabwa, kotero kuti kupala kwenikweni kumachitikabe panja. Imatentha kwambiri masana, imachita thukuta usiku, imafuna malo oimikapo pabwalo, ndipo mbava ikhoza kuikoka yonse pamodzi ndi zipangizo.

Ngati mungadzaisankhebe tsiku lina, dziwani kuti makabati a m'ngolo amamangidwa mosiyana ndi a m'galaja, chifukwa chilichonse chimene chili mkatimo chimagwedezeka pa msewu wa maenje. Yambani ndi kuwerenga kachitsulo kolembedwa kulemera kumene ngoloyo imaloledwa kunyamula, ndipo muchotsepo kulemera kwa makabati enieniwo, pokumbukira kuti plywood imodzi ya mamilimita 18 imalemera pafupifupi makilogalamu 30, moti zisanu ndi imodzi zimadya makilogalamu 180 chipangizo chilichonse chisanalowe. N'chifukwa chake m'ngolo mumagwiritsa ntchito ya mamilimita 12 pa mbali zambiri. Zolemera zikhale pansi, pamwamba pa mathayala kapena patsogolo pake pang'ono, ndipo mbali ya kumanja ifanane ndi ya kumanzere. Ngolo yolemera kumbuyo imapepuka pa cholumikizira chake ndi galimoto ndipo imayamba kugwedezera galimoto uku ndi uku liwiro likakwera, zimene zagwetsa magalimoto ambiri. Kulemera kotsamira pa cholumikiziracho kukhale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera konse, koma kusapitirire malire amene opanga galimoto yanu analemba. Makabati amangidwe ndi mabawuti odutsa m'nthiti zachitsulo za ngoloyo, okhala ndi mawasha akuluakulu ndi manati osamasuka okha, chifukwa masikuluwu olowa m'lata lopyapyala amakulitsa mabowo awo n'kuzuka. Dilowa iliyonse ndi chitseko chilichonse zikhale ndi chokolowekera cholimba, popeza maginito amene amagwira zitseko za m'khitchini amatseguka pa bampu yoyamba, ndipo shelefu iliyonse ikhale ndi mlomo wa masentimita 5 kutsogolo ndi lamba womangira makina. Mukayenda ulendo woyamba, imani patapita makilomita ochepa, mutsegule ngoloyo n'kumanganso mabawuti onse ndi sipanala, ndipo muzibwereza zimenezi miyezi ingapo iliyonse.